Manzanita: Chitsamba cha ku California Chimene Mbewu Yake Imadikira Moto

Mawu oyamba

Palibe wogulitsa mbewu amene sanalandirepo wogula wobwera ndi paketi yong'ambika m'manja, nkhope ili gwa, akunena kuti, "Mbewu munandigulitsa ija sinamere." Pa nthawi yotere funso lofunika limakhala limodzi: kodi mbewuyo inali yakufa, kapena inali yamoyo koma yogona? Yankho lake ndi limene limagamula ngati wogulitsayo ayenera kubweza ndalama, kapena ngati anangolephera kupereka malangizo oyenera pa tsiku logulitsa. Mbiri ya sitolo imamangika kapena kugumuka pa funso limeneli.

Kuti timvetse bwino kusiyana kwa mbewu yakufa ndi mbewu yogona, phunziro lino latenga chitsanzo cha kutali. Tiona chitsamba chotchedwa manzanita, chimene kwawo ndi kumadzulo kwa North America, makamaka m'chigawo cha California. Sichili m'gulu la mbewu zimene timachita nazo malonda kuno, ndipo cholinga sindicho kukulimbikitsani kuti muchiitanitse. Tachisankha chifukwa njere zake zili m'gulu la njere zovuta kwambiri kumeretsa, ndipo chifukwa chake chimaoneka poyera munthu akadziwa malo amene chitsambachi chimamera.

Dzina ndi banja lake

Liwu lakuti manzanita ndi la Chisipanishi, ndipo limatanthauza kaapozi kakang'ono, pakuti zipatso zake zimaoneka ngati timaapozi. Akatswiri a zomera amatcha gulu lonse la zitsambazi kuti Arctostaphylos, dzina lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza chimbalangondo ndi phava la mphesa. Mitundu yake ndi yoposa 60, ndipo yochuluka mwa iyo imapezeka ku California. Mtundu umodzi wotchedwa Arctostaphylos uva-ursi, umene umayanga pansi, ndiwo unafalikira kutali mpaka kumpoto kwa Ulaya ndi Asia.

Mtundu umene tiuyang'anitsitse ndi Arctostaphylos manzanita, umene Charles Christopher Parry anaufotokoza ndi kuupatsa dzinali m'chaka cha 1887. Umamera m'mapiri a kumpoto kwa California oyandikira nyanja, ndiponso m'munsi mwa mapiri a Sierra Nevada.

Banja la zitsambazi ndi Ericaceae, ndipo abale ake tili nawo kuno. Zitsamba za masamba ang'onoang'ono za gulu la Erica, zimene zimamera pamwamba pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika, ndi za banja lomweli. Ku Cape, m'dziko la South Africa, kuli mitundu ya Erica yoposa 600.

Maonekedwe ake

Manzanita sayoyola masamba. Amakhala wobiriwira chaka chonse. Mtundu wa Arctostaphylos manzanita umatalika kuyambira mamita 2 mpaka 8, kotero kuti wina ukakula umaoneka ngati kamtengo. Nthambi zake ndi zokhotakhota ndi zolimba.

Chimene chimayamba kukopa maso ndi khungwa. Ndi losalala ngati lopukutidwa, lofiira moderako, ndipo ndi lopyapyala kwambiri. Chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikamayamba, khungwa lakale limasupuka n'kupiringizika timizere, pansi pake n'kuonekera latsopano lobiriwirako limene limafiira pakapita masabata. Pa zitsamba zokalamba, mbali ina ya thunthu imauma n'kutuwa, koma kamzere ka khungwa lamoyo kamapitirira kukwera mpaka ku nthambi zimene zikadali ndi masamba. Umu ndi mmene chitsambachi chimachepetsera katundu m'zaka za chilala: chimataya nthambi zina kuti zotsalazo zikhale ndi moyo.

Masamba ake ndi okhuthala, olimba ngati chikopa, otalika masentimita 2 mpaka 5. Ambiri sayala nkhope yawo kudzuwa monga amachitira masamba a nyemba. Amaima chilili, m'mphepete mwake mutaloza kumwamba, kotero kuti dzuwa la masana silimawaomba mwachindunji ndipo madzi satayika msanga.

Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyera kapena ofiirirako, ooneka ngati kamtsuko kovundikira, kukamwa kwake kuloza pansi. Amalendewera m'timagulu kunsonga za nthambi. Timphukira ta maluwa timapangika miyezi yambiri maluwawo asanatseguke, ndipo timadikira nyengo yonse youma tili lende. Maluwa amamasula kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene zomera zina zambiri zisanayambe, ndipo motero amadyetsa njuchi ndi timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa pa nthawi ya usiwa. Mungu wake sutuluka wokha. Umakhala m'timatumba tokhala ndi tiziboo kunsonga, ndipo umathothoka njuchi zazikulu za ubweya zikagwira duwa n'kulinjenjemeretsa ndi minofu ya mapiko awo. Olima mbewu ya tomato akuidziwa njira imeneyi, pakuti duwa la tomato nalonso limatulutsa mungu likagwedezeka.

Chipatso chake ndi chobulungira, chophwatalalako, cha mamilimita 8 mpaka 12, ndipo chikapsa chimafiira moderako. Mnofu wake si wamadzi. Ndi wouma, waufaufa, wowawasirako, wofananako ndi masau ouma. M'kati mwake muli tinthangala tingapo tolimba ngati mwala. Pa mitundu ina timalekana, pa mitundu ina monga Arctostaphylos glauca timamatirirana n'kukhala nthangala imodzi. Njere yeniyeni imabisala m'kati mwa chigoba chimenechi.

Malo amene amamera

Ku California mvula yambiri imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Miyeziyi ikufanana ndi ya dzinja lathu, koma pali kusiyana kwakukulu: kumeneko imeneyi ndi nyengo yozizira. Miyezi yotentha, kuyambira Juni mpaka Sepitembala, imatha pafupifupi popanda dontho la mvula. Nyengo yotere imapezeka m'madera asanu okha pa dziko lapansi: kuzungulira nyanja ya Mediterranean, ku California, pakati pa dziko la Chile, kummwera kwa Australia, ndi ku Cape.

M'mapiri ouma a ku California mumamera tchire lowirira la zitsamba zolimba masamba limene amalitcha chaparral, ndipo manzanita ndi mmodzi mwa eni ake a tchire limeneli. Amakonda malo otsetsereka, a miyala, a nthaka yosauka imene sisunga madzi. Mitundu ina imamera pa nthaka yochokera ku mwala wotchedwa serpentine, imene ili ndi calcium wochepa koma magnesium ndi nickel wochuluka, moti zomera zambiri zimaikana.

Pa nthaka yosauka chotere manzanita sakhala yekha. Mizu yake imagwirizana ndi mitundu ina ya bowa wa m'nthaka. Ulusi wa bowayo umafika kumene mizu singafike n'kubweretsa madzi ndi michere, ndipo chitsamba chimabwezera shuga. Ubale wofanana nawo ulipo pakati pa bowa ndi mitengo ya m'nkhalango zathu monga tsamba, mchenga ndi msuku. N'chifukwa chake bowa wam'tchire amatha nkhalango ikadulidwa.

Njira ziwiri zopulumukira moto

Tchire louma chotere silingalephere kupsa. Mwa chilengedwe chake, chaparral amapsa patapita zaka 30 kapena kuposerapo, ndipo moto wake umakhala woopsa, wonyeketsa zonse za pamwamba pa nthaka. Khungwa lopyapyala la manzanita silingatchinjirize thunthu ku moto wotere. Mitundu yake inapeza njira ziwiri zopitirizira mtundu.

Njira yoyamba ndi ya chitsa. Mitundu ina, monga Arctostaphylos glandulosa, ili ndi chotupa chachikulu cha mtengo patsinde, mbali ina ili m'nthaka. M'chotupachi mumasungika chakudya ndi maso ambiri ogona. Moto ukadutsa, mphukira zimatuluka pa chitsacho monga zimachitira zitsa za m'munda wongotsegula kumene.

Njira yachiwiri ndi ya njere, ndipo ndi imene mitundu yambiri imatsata, kuphatikizapo pafupifupi magulu onse a Arctostaphylos manzanita. Zitsamba zimenezi zilibe chotupa. Moto ukabwera zimaferatu. Chiyembekezo chonse cha mtundu chimakhala pa njere zimene zakhala zikugwa chaka ndi chaka n'kukwiririka m'nthaka. Zimbalangondo, nkhandwe ndi mbalame zimadya zipatso n'kumwaza nthangala kutali. Mbewa ndi agologolo amakwirira zina kuti adzadye m'tsogolo, ndipo zimene aziiwala zimakhala pa kuya koti moto sungazipsereze. Nthaka ya pansi pa chitsamba imasanduka nkhokwe.

Njere zimenezi zimatha kukhala zaka makumi angapo zili zamoyo koma osamera, ngakhale mvula izinyowetse chaka chilichonse. Kugona kumeneku kuli ndi phindu. Njere imene ingamere pansi pa tchire lowirira idzasowa kuwala, idzalimbirana madzi ndi mizu ya zitsamba zazikulu, ndipo kalulu kapena mbewa zidzaidya isanafike patali. Koma pa lupsa pamakhala dzuwa, phulusa lodzala michere, ndi malo opanda wopikisana naye. Choncho njere imadikira chizindikiro chakuti moto wadutsa, ndipo mvula yoyamba ikagwa pa lupsa, mbande zimatuluka zambirimbiri nthawi imodzi.

Njira imeneyi ili ndi pofooka pake. Chitsamba chatsopano chimafuna zaka zambiri kuti chikule, chibereke, ndi kudzazanso nkhokwe ya m'nthaka. Moto wachiwiri ukabwera patangopita zaka zochepa, umapha zitsamba zisanabereke mokwanira, nkhokwe ili mbee. M'madera a kummwera kwa California kumene moto woyatsidwa ndi anthu wachuluka, malo ena amene kale anali chaparral tsopano ndi udzu wachilendo wokhawokha. Moto umene umadzutsa njere ndi womwewo umene umatha mtundu ukabwera pafupipafupi.

Maloko awiri a njere

Njere ya manzanita tingaiyerekeze ndi nyumba ya maloko awiri. Loko woyamba ndi chigoba cholimba chija, chimene chili ndi kanjira kopapatiza kotsekeka kumene muzu woyamba uyenera kutulukira. Loko wachiwiri ali m'kamtima ka njere momwemo: ngakhale madzi alowe, kamtimako sikadzuka mpaka katalandira zizindikiro zoyenera, monga nyengo yozizira ndi yachinyezi, ndipo pa mitundu ina, mankhwala ochokera mu utsi kapena m'makala a mitengo yopsa.

Anthu a nazale ku California amayesa kutsegula malokowa m'njira zingapo. Ena amaviika nthangala kwa maola angapo mu asidi wamphamvu wa sulphuric kuti chigoba chidyeke, ntchito yoopsa imene imafuna labotale ndi zodzitetezera. Kenako amazisunga mu mchenga wonyowa pamalo ozizira kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ena amafesa nthangala m'bokosi, n'kuyala masamba ouma a paini pamwamba, n'kuyatsa. Ngakhale atachita zonsezi, kameredwe kamakhala kochepa ndi kosayenderana. Pachifukwa ichi nazale zambiri zimachulukitsa manzanita podula nsonga za nthambi n'kuzimeretsa mizu. Palinso chifukwa china: mitundu ya manzanita ikayandikana imakwatirana mosavuta, kotero njere yotola m'munda wa maluwa siibereka mwana wofanana ndi make. Mitundu yodziwika pa msika, monga 'Dr. Hurd' ndi 'Howard McMinn', imasungika ndi nthambi, osati ndi njere.

Nkhani ya utsi ili ndi mizu m'chigawo chathu chino. M'chaka cha 1990, J.H. de Lange ndi C. Boucher a ku South Africa anasonyeza kuti utsi wokha, popanda kutentha, umameretsa njere za chitsamba chosowa cha ku Cape chotchedwa Audouinia capitata. Pambuyo pake munda wa zomera wa Kirstenbosch unayamba kupanga timapepala tonyika mu utsi toviikira njere zisanafesedwe. Mu 2004 ofufuza a ku Western Australia ndi a ku KwaZulu-Natal anazindikira limodzi mwa mankhwala a mu utsi amene amachita ntchitoyi, ndipo linapatsidwa dzina lakuti karrikinolide. Si njere zonse za m'malo a moto zimene zimamva mankhwala amodzimodzi, koma mfundo yaikulu inakhazikika: njere imamva zimene zikuchitika pamwamba pa nthaka.

Ntchito zake

Mitundu ya anthu amene anali eni dziko la California Azungu asanafike, monga a Miwok, a Pomo ndi a Yokuts, inkadalira zipatso za manzanita. Ankazitola zitapsa, kuziyanika ndi kuzisunga. Pofuna chakumwa ankazisinja, n'kuika ufawo m'dengu losefera, n'kumathira madzi pang'onopang'ono, ndipo pansi pankatuluka chakumwa chotsekemera mowawasira, monga timachitira ndi malambe kapena bwemba. Ufa wake ankaphikanso phala. Masamba ankagwira ntchito ya mankhwala, ndipo mpaka lero masamba a uva-ursi, amene ali ndi mankhwala otchedwa arbutin, amagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America ngati mankhwala azitsamba a matenda a chikhodzodzo.

Mtengo wake ndi wolimba ndi wolemera, koma umang'aluka pouma ndipo suwongoka, choncho matabwa satulukamo. Amapangira tizipangizo ting'onoting'ono, zokongoletsa m'nyumba, ndi mitanda yoterapo mbalame zoweta monga zinkhwe. Nkhuni zake zimayaka ndi moto waukali kwambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene zitsa za Erica arborea zosemera akaliwo zinaleka kufika kuchokera ku Mediterranean, amisiri a ku America anagwiritsako ntchito zotupa za manzanita.

Masiku ano msika wake waukulu ndi wa zomera zokongoletsa pakhomo zosafuna kuthirira. Apa pali phunziro lina. Manzanita amene amapirira miyezi yambiri yopanda mvula amafa msanga akathiriridwa m'nyengo yotentha, chifukwa chinyezi ndi kutentha zikakumana zimadzutsa matenda oola mizu. Oopsa mwa iwo ndi Phytophthora cinnamomi, yemweyo amene amaoletsa mizu ya mapeyala kuno. Ku California matendawa apha zitsamba zambiri za mtundu wosowa wa Arctostaphylos myrtifolia, ndipo amayenda ndi dothi la ku nsapato, la ku matayala ndi la m'machubu a mbande. Mvula yathu imagwa m'nyengo yotentha. Ichi chokha chikukwanira kutichenjeza kuti mawu akuti "chopirira chilala" pa lebulo satanthauza kuti chomeracho chingachite bwino kulikonse kouma.

Chitsamba chimodzi cha mu San Francisco

Mtundu wa Arctostaphylos franciscana, umene Alice Eastwood anaufotokoza mu 1905, unkamera pa timapiri ta serpentine mu mzinda wa San Francisco. Mzinda utakula, malo ake omaliza odziwika, manda akale a Laurel Hill, anagumulidwa m'zaka za m'ma 1940. Akatswiri anapulumutsako zitsamba zochepa n'kukazibzala m'minda yosungira zomera, ndipo kwa zaka zoposa 60 anthu ankadziwa kuti m'tchire mtunduwu unatha. Mu 2009 katswiri wa zomera Daniel Gluesenkamp, akudutsa pa galimoto m'dera la Presidio pamene ankakonza msewu wa Doyle Drive, anaona chitsamba chimodzi pamalo pamene anali atangolambula. Chinali cha mtundu womwewo. Mu Januwale 2010 anachizula ndi dothi lake lonse n'kuchisamutsira pamalo otetezeka, ndipo mu 2012 boma la United States linauika mtunduwu pa mndandanda wa zomera zotetezedwa ndi lamulo.

Chitsamba chimodzi si mtundu. Kuti mtunduwu ubwererenso, pakufunika zitsamba zosiyana magazi zoti zikwatirane ndi kudzaza nthaka ndi njere. Zimenezi zikutheka chifukwa cha zitsamba zija zimene anthu ena anasunga zaka za m'ma 1940, osadziwa kuti zidzafunika liti. Aliyense amene amasunga mbewu za makolo, kaya m'nkhokwe ya dziko kaya m'chiguduli cha pakhomo, akugwira ntchito yomweyo.

Zimene tingatengepo pa ntchito yathu

Choyamba, kumera ndi kukhala ndi moyo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malamulo a bungwe la International Seed Testing Association, limene linakhazikitsidwa mu 1924, amalekanitsa njere zosamera m'magulu: zolimba zimene sizinamwe madzi, zamoyo zimene zamwa madzi koma sizinamere, ndi zakufa. Pofuna kutsimikiza, a labotale amadula njere n'kuiviika m'mankhwala a tetrazolium. Kamtima kamoyo kamafiira, kakufa sikasintha. Mukalandira zotsatira za kuyeza mbewu, musamawerenge nambala ya kameredwe yokha. Onaninso magulu enawo.

Chachiwiri, dziwani mbewu zimene zimagona pa shelefu yanu. Njere za msangu ndi lukina zili ndi chikopa chosalowa madzi. Za msangu zimafuna kuzicheka pang'ono m'mbali, za lukina kuziviika m'madzi otentha. Mtedza wa gulu la Virginia, monga CG7 ndi Chalimbana, umagona kwa kanthawi ukangokololedwa, pamene wa gulu la Spanish, monga Kakoma, sugona, ndipo umatha kumerera m'nthaka mvula ikapitirira mlimi atachedwa kukumba. Mpendadzuwa wongokolola kumene nawonso umagona. Kugulitsa mbewu zotere popanda malangizo ndi kugulitsa theka la katundu.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu: kugona kwa mbewu kusasanduke pobisalira. Chimanga sichigona. Pa kuyeza kwa ku labotale chimawerengedwa komaliza pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mbewu ya chimanga ikabzalidwa bwino pa chinyezi chokwanira koma osamera, ndiye kuti inafa, mwina ndi ukalamba, kutentha kwa m'sitolo ya malata, chinyezi kapena anankafumbwe. Wouza mlimi kuti adikire mbewu yotere akumutayitsa mvula yobzalira, ndipo pamodzi ndi mvulayo, chakudya cha chaka chonse. Mbewu yogonera chaka iyesedwenso isanabwerere pa shelefu.

Chachinayi, nkhokwe ya m'nthaka ilinso m'minda yathu. Njere za kaufiti zimakhala m'nthaka zaka zoposa 10, kudikira osati moto koma mankhwala otuluka ku mizu ya chimanga kapena mapira. Kaufiti mmodzi wololedwa kubereka m'munda wochulukitsira mbewu ndi ngongole imene idzalipidwa kwa zaka zambiri. Azulidwe asanachite maluwa.

Chachisanu, musanaitanitse chomera chachilendo, funsani za kwawo: mvula imagwa nyengo yanji, nthaka yake ndi yotani, chimachulukana bwanji. Tsatani malamulo a chilolezo cholowetsera mbewu ndi chikalata chotsimikizira kuti ilibe matenda, ndipo pewani mbande zobwera ndi dothi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Njere ya manzanita imadekha zaka makumi angapo chifukwa malo ake anaiphunzitsa kutero. Ntchito ya wogulitsa mbewu ndi kudziwa mbewu imene iyenera kudikiridwa ndi imene iyenera kuchotsedwa pa shelefu lero lomwe, n'kumuuza wogula zoona pa zonse ziwiri.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani njira ziwiri zimene mitundu ya manzanita imapulumukira moto. Ndi iti imene imaonongeka kwambiri moto ukamabwera pafupipafupi, ndipo n'chifukwa chiyani?

2. Tchulani mbewu za m'sitolo kapena m'munda mwanu zimene zimagona. Kodi wogula aliyense amachoka atamva zoyenera kuchita asanazibzale?

3. Mlimi wabweza mbewu ya chimanga ndi ya msangu tsiku limodzi, zonse akuti sizinamere. Mudzamufunsa mafunso otani pa mbewu iliyonse, ndipo mudzayesa chiyani musanamuyankhe?